Ampu yanga ya ma tube ikumadula saundi pakati pa shoo, vuto lingakhale chani?

Wazingwe6 analemba:

Akuluakulu moni nonse. Ndili ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere nde ndati ndifunse kuno poti muno muli anthu odziwa za ma ampu. Ampu yanga ndi ya gitala, ya ma tube, ya combo ija sipika ndi ampu zimakhala m'bokosi limodzi, ma watt 40, sipika imodzi ya mainchesi 12, kumbuyo kuli ma tube asanu, ma 6L6 awiri ndi ma 12AX7 atatu. Ndinaigula kwa munthu wina itagwirapo kale ntchito koma imalira bwino zedi, pa saundi palibe chomwe ndingadandaule. Vuto ndi loti tikakhala pa siteji, taimba nyimbo zingapo ampu yatentha bwinobwino, imangodula mwadzidzidzi pakati pa nyimbo, pena pa solo penipeni anthu onse maso ali pa ine. Pena imangoti zii, pena saundi imatsalako yochepa kwambiri yopyapyala yosamveka nkomwe, kenako pakapita masekondi angapo imabwerera yokha. Ndikaimenya pamwamba ndi dzanja nthawi zambiri imabwerera pompo.

Chomwe chikundizunguza mutu nchoti kunyumba siichita zimenezi olo pang'ono, ndimaisiya yoyaka masana onse ndikuimba kudikira kuti idule, osadula, koma ikangofika pa shoo basi yayamba. Anzanga a mu bandi ayamba kundiuza kuti ndingopeza ampu ya ma transistor kapena ndizingolumikiza gitala ku mikisa, koma ine ampu iyi ndimaikonda sindikufuna kuisiya. Ndiyambire pati? Ndi ma tube atopa, ndi fyuzi, kapena transifoma ikufuna kupsa? Chonde thandizeni, kutsogoloku tili ndi ma shoo ndipo mtima suli m'malo.

Wabesi_wathu analemba:

Achimwene musanaiimbe mlandu ampu tayambani mwaona zomwe zili pakati pa gitala ndi ampuyo. Kunyumba mumalumikiza gitala mwachindunji kapena mumadutsa mu ma pedal omwewo a pa shoo? Chifukwa ambiri kunyumba timangotenga chingwe chimodzi chachifupi, pa siteji nkumagwiritsa zingwe zina zazitali, ma pedal asanu, tizingwe tating'ono tolumikizira ma pedal, ndiye chimodzi mwa izo chikakhala chothyoka mkati saundi imadula ndi kubwerera chimodzimodzi mmene mukufotokozeramu. Batire ya 9 volt ikamatha mu pedal imachitanso zomwezo, ndipo ngati gitala yanu ili ndi ma pickup a active nayonso ili ndi batire mkati. Onaninso jack ya pa gitala, nati yake ikamasuka jack imazungulira nkudula kawaya mkati. Tsiku la shoo ikadula, zulani chingwe pa ma pedal mulowetse gitala mu ampu mwachindunji ndi chingwe china chomwe mukuchikhulupirira, mukamva saundi ndiye kuti ampu ilibe mlandu.

Wazingwe6 analemba:

Zikomo aise, zimenezo ndinayesa kale, pa shoo yapitayi ndinaimba theka lonse lachiwiri opanda pedal olo imodzi, chingwe chatsopano, gitala ya mnzanga, koma inadulabe. Nde ndikukhulupirira kuti ndi ampu.

Solo_Mnyamata analemba:

Man sinthani ma tube onse basi, ampu yogula kwa munthu simungadziwe kuti ma tube akhalamo zaka zingati. Ma 6L6 amatopa.

MmisiriWaMaAmpu analemba:

Achimwene a Wazingwe6, musagule kaye ma tube. Ine ndimakonza ma ampu amenewa ndipo anthu ambiri amabwera atasintha kale ma tube onse, ndalama zalowa m'madzi, vuto lili pomwepo. Zoona ma tube amatopa, a Solo_Mnyamata sakunama, koma tube yotopa imachita kufooka pang'onopang'ono kwa miyezi, mabesi amachepa, saundi imakhala yosawala, pena imayamba kuthetheka. Siidula kuti zii nkubwerera ndi mphamvu zake zonse ukaimenya pamwamba. Komanso ma 6L6 awiriwo amagwira ntchito mothandizana, wina akukankha wina akukoka, ndiye imodzi itafa saundi siitheratu ayi, imangochepa nkumamveka yosweka komanso kung'ung'uza kwa magetsi kumakwera. Yomwe ingadule saundi yonse ndi 12AX7, makamaka yoyamba ija ili pafupi ndi polowetsera gitala, chifukwa siginolo yonse imadutsa mmenemo.

Fyuzi nayonso ichotseni pa mndandanda. Fyuzi ikapsa yapsa, siibwerera yokha pakatha masekondi asanu. Chomwe chingachitike ndi choti chogwirira fyuzi chamasuka kapena chingwe cha magetsi sichikukhala bwino mu soketi ya kumbuyo, koma zikatero kagetsi kakutsogolo kamathima kapena kuphethira. Transifoma ikamapsa imanunkha, imatentha mopyola muyezo, ndipo kawirikawiri imaotcha fyuzi, siichita zobwerabwera.

Ampu ikamadula imakuuza yokha komwe kuli vuto, bola umvetsere mmene ikufera. Nde ndikufunseni, ikadula kagetsi kakutsogolo kamakhala koyaka? Imadula kamodzi nkamodzi kapena saundi imachita kuzilala pang'onopang'ono kwa masekondi angapo? Mukayandikira khutu pa sipika nthawi imeneyo mumamva kaphokoso kaja ka sssss kapena kung'ung'uza pang'ono, kapena ndi chete weniweni ngati ampu yazimitsidwa? Ndipo mukasuzumira kumbuyo ma tube onse asanu amakhala akuyaka?

Ndikufunsa izi chifukwa yankho lililonse limaloza malo ake. Mkati mwa tube iliyonse muli kawaya kotenthetsa ka 6.3 volt, kaja kamaoneka kofiirira pakati, ndipo tube siigwira ntchito mpaka itatentha, nchifukwa chake mukayatsa ampu mumadikira kaye saundi isanabwere. Ndiye ngati kawaya kameneka kataya magetsi chifukwa phini la tube silikugwira bwino mu soketi kapena mtovu womwe anawotcherera nawo miyendo ya soketi wang'ambika, saundi imazilala pang'onopang'ono pamene tube ikuzizira, ndipo pobwerera imabweranso pang'onopang'ono. Pa 6L6 mapini a kawayaka ndi 2 ndi 7, pa 12AX7 ndi 4, 5 ndi 9. Koma ikamadula kamodzi nkamodzi nkubwereranso kamodzi nkamodzi, pamenepo pali malo pomwe zitsulo ziwiri zikukhudzana nkusiyana, kaya mu jack, kaya pa mtovu wosweka, kaya mu relay yosinthira ma channel. Tsono ngati kaphokoso ka sssss kakumvekabe ndiye kuti mbali ya ma 6L6, transifoma ya ku sipika ndi sipikayo zili moyo, vuto lili kutsogolo siginolo isanafike kumeneko. Koma ngati ndi chete weniweni kagetsi kakuyaka, samalani kwambiri, chifukwa mwina waya wa ku sipika ukumasuka, ndipo ampu ya ma tube siifuna kuimbidwa popanda sipika olo kwa kanthawi kochepa. Mphamvu ikasowa kopita imabwerera mu transifoma ya ku sipika ija nkuboola zotchinga za mawaya ake, ndipo chimenecho ndi chimodzi mwa zida zodula kwambiri mu ampu yonse. Mu combo tizitsulo tiwiri tija timalowa pa sipika timamasuka ndi kunjenjemera, tagwirani muone ngati tili tolimba, ampu itazimitsidwa.

Za kunyumba musadabwe nazo. Kunyumba mumaimba voliyumu ili pa 2, bokosi silinjenjemera. Pa siteji voliyumu ili pamwamba, sipika ya mainchesi 12 ikugwedeza bokosi lomwelo momwe muli ma tube ndi bolodi, ng'oma ndi besi zikugwedeza pansi, ndiye kuonjezerapo kutentha, poti mu ma combo ambiri ma tube amalendewera chozondoka ndipo kutentha konse kumakwera kupita ku ma soketi ndi ku bolodi. Chitsulo chikatentha chimafufuma, mng'alu wa pa mtovu womwe sumaoneka ndi maso umatseguka. Kutentha kokha sikukwanira, kugwedeza kokha sikukwanira, zikakumana ndi pomwe vuto limatuluka. Ndiyankheni mafunso ajawa kaye.

Wazingwe6 analemba:

Madala zikomo kwambiri, mwandifotokozera zinthu zomwe palibe anandiuzapo. Kagetsi kamakhala koyaka nthawi zonse sikaphethira. Imadula kamodzi nkamodzi, pena ndi kaphokoso ka kre kre kaye, ndipo kubwerera kwakenso ndi kamodzi nkamodzi. Kaphokoso ka sssss kamamvekabe, ndikukumbukira bwino chifukwa ndinagwada pa sipika kumvetsera woimba ng'oma akupitiriza yekha. Ma tube ndinayang'anapo ulendo wina onse amayaka, kungoti ma 6L6 amaoneka ndi kuwala kwa buluu pa galasi, kodi pamenepo si vuto?

MayiWaMikisa analemba:

Ndilowererepo pang'ono ngati munthu amene ndimakhala ku mikisa ndikuona oimba akuvutika pa siteji. Achimwene mwanena kuti munagwada pa sipika nde zikuoneka kuti ndi ampu yeniyeniyo ikudula, koma kwa ena owerenga, yambani mwatsimikiza zimenezo, chifukwa kangapo woimba gitala amandiloza kuti ampu yafa pomwe chafa ndi chingwe cha maiki yomwe ili kutsogolo kwa ampu kapena monita yake, ampu ikulira bwinobwino kumbuyo kwake iye osaimva chifukwa cha ng'oma.

Chachiwiri ndi magetsi a pa siteji. Musamalole kuti ampu yanu ilumikizidwe pa ekisitenshoni imodzi ndi magetsi owalitsa siteji, makina a utsi kapena ma sub, masipika akuluakulu a mabesi aja, zinthu zimenezo zikakoka mphamvu nthawi imodzi ma volt amatsika ndipo ampu ya ma tube imamva msanga, saundi imafooka nkukhala yamatope. Sizidula kuti zii ngati mmene mukunenera inu, koma ndi bwino kuzichotsa pa nkhani. Chingwe cha magetsi chija chimalowa kumbuyo kwa ampu chimangirireni ku chogwirira kuti wina akachiponda chisamasuke. Ndipo chonde chonde, wina akakuuzani kuti muchotse phini la earth pa pulagi kuti ampu isiye kung'ung'uza mukane, zingwe za gitala zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu, china chikalakwika mkati magetsi adutsa mwa inu mukangokhudza maiki ndi milomo, anthu anafapo pa siteji ndi zimenezi.

Komanso ampu musaikhomereze ku khoma kapena ku katani, kumbuyo kuzipita mphepo, ndipo musaiike pamwamba pa bokosi la besi. Pomwe mukufufuza vutoli muzinyamula pedal yokhala ndi preamp ndi DI, yotumiza saundi ya gitala ku mikisa osadutsa mu ampu, muuze wa ku mikisa aikonzeretu pa channel yake nthawi ya sound check, ampu ikadula mumangosamutsa chingwe nyimbo nkupitirira.

MmisiriWaMaAmpu analemba:

Amayi anena zoona zokhazokha, makamaka za earth. Za buluu musade nkhawa achimwene, kuwala kwa buluu komwe kumaoneka pa galasi mkati ndi kwachibadwa pa ma 6L6 ambiri. Zoopsa ndi ziwiri, chitsulo chachikulu chotuwa cha mkati chija chikafiira kuti psuu, kapena banga lonyezimira ngati siliva lomwe limakhala pa galasi likasanduka loyera ngati choko, apo ndiye kuti mpweya walowa tube yatha.

Mmene mwayankhiramu ine ndikukaikira kwambiri effects loop. Tayang'anani pa ampu yanu, muona ma jack awiri olembedwa send ndi return, pa ma ampu ena amalemba preamp out ndi power amp in. Anthu ambiri sadziwa kuti olo usalumikizepo kanthu, siginolo yonse ya gitala imadutsabe pamenepo. Mkati mwa jack muli kachitsulo kopindika komwe kamatsamira pa kanzake pamene mulibe pulagi, ndipo ndi pokhudzana pamenepo pomwe preamp, mbali ya ma 12AX7 ija, imapatsira siginolo ku mbali ya ma 6L6. Zili ngati chitseko chomwe sichitsegulidwa kwa zaka, mahinjesi amachita dzimbiri. Jack ya kutsogolo imadziyeretsa yokha chifukwa mumalowetsa ndi kuzula chingwe tsiku lililonse, koma ya loop ngati simuigwiritsa ntchito imangodzaza litsiro ndi dzimbiri, ndiye bokosi likamanjenjemera kukhudzana kuja kumatayika, saundi kuti zii kapena kutsala yopyapyala, mukamenya pamwamba kachitsulo kakhalanso m'malo. Vuto limeneli ndimakumana nalo kawirikawiri kwambiri ndipo silisankha dzina la ampu.

Kuyesa kwake nkosavuta ndipo simutsegula chilichonse. Tengani kachingwe kakafupi kolumikizira ma pedal, kabwino, mulowetse mbali imodzi mu send ina mu return. Mukatero siginolo ikudutsa mu chingwe, kachitsulo kaja kalambalalidwa. Kenako pitani kumalo komwe mumachitira pulakatisi, muiike pa voliyumu ya pa shoo, bandi yonse ikuimba, kwa nthawi yofanana ndi ya shoo. Ikapanda kudula mwalipeza.

Ikadulabe chitani ichi nthawi yomweyo isanabwerere, tsitsani voliyumu ya pa gitala kaye chifukwa pa ma ampu ambiri ma knob a kutsogolo sagwira ntchito mukalowera pa return, kenako lowetsani gitala mu return mwachindunji nkukweza pang'onopang'ono. Mukamva saundi yoyera yosadula ndiye kuti mbali ya mphamvu ili bwino, vuto lili mu preamp. Apo ndi pomwe mungayese ma 12AX7, ndipo simufunika atatu, imodzi yabwino ikukwanira. Zimitsani ampu, zulani ku magetsi, dikirani izizire, sinthani yoyamba muyese, ikapanda kusintha bwezerani yakale musinthe yachiwiri, choncho choncho. Imodzi imodzi, chifukwa mukasintha zonse pakamodzi vuto nkutha simudziwa kuti inali iti, ndipo pena chomwe chathandiza ndi kuzula ndi kubwezera komwe kwapala dzimbiri pa mapini. 12AX7 siifuna kukonza bias, komwe ndi kuyeza ndi kusintha magetsi omwe tube imadya ampu ikakhala chete, mumangolowetsa, onetsetsani mpata wa pakati pa mapini wayang'anizana ndi wa pa soketi ndipo musaikakamize. Mungathenso kugogoda tube iliyonse pang'ono ndi labala ya pensulo ampu ikuyaka, yomwe ikuyambitsa kre kre kapena kudula ndi yomweyo kapena soketi yake.

Pali chinanso chomwe chimavuta pa ma ampu osintha ma channel. Kupatula ma volt ambiri a ma tube, amakhala ndi magetsi ochepa, cha m'ma 15 kapena 16 volt, oyendetsa ma relay ndi ma IC a reverb ndi loop, ndipo ma ampu ena amapeza magetsi amenewa powatsitsa ndi ma resistor akuluakulu a ma watt 5 omwe amatentha koopsa mpaka bolodi imada ndipo mtovu wa pa miyendo yake umasweka. Chizindikiro chake ampu imasintha channel yokha, timagetsi ta ma channel timaphethira, reverb imasowa, saundi kudula. Mwaonapo zimenezi? Ngati eya, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Yesaninso kuimba footswitch, ija yoponda posintha ma channel, itazulidwa chifukwa chingwe chake chikathyoka chimasokonezanso ma relay.

Ndipo ndinene mosabisa, musatulutse chassis, chitsulo chija chonyamula bolodi ndi mawaya onse, m'bokosi ngati simunaphunzire ntchito imeneyi. Mkatimo muli ma volt 400 mpaka 500, ndipo ma capacitor akuluakulu amatha kusunga magetsi amenewo ampu itazimitsidwa ndi kuzulidwa ku khoma. Amapha. Ife tisanagwire kanthu timawakhuthula kaye kudzera mu resistor nkuyeza ndi mita kuti atheradi, ndipo tikamafufuza ampu ikuyaka timagogoda ndi kamtengo kouma dzanja lina lili kumbuyo. Zonse ndakuuzani pamwambapa ndi za kunja, zomwe mungachite bwinobwino.

Solo_Mnyamata analemba:

Madala ndamva, nde ndifunseko nanenso poti nkhani ndi yomweyi. Yanga ndi head, ampu yopanda sipika mkati, ya ma watt 50 ya ma EL34 awiri pa bokosi la masipika anayi, iyo siidula kamodzi nkamodzi, imayamba kung'ung'uza kwambiri kenako saundi imachepa nkumanunkha ngati chinthu chotentha, ndipo ndikayang'ana kumbuyo tube imodzi imakhala yofiira kwambiri kuposa inzake, ndikazimitsa nkuyatsanso imakhala bwino kwa kanthawi. Ndinasintha ma tube onse awiri koma yatsopanoyo ikufiiranso mbali yomweyo.

MmisiriWaMaAmpu analemba:

Mwana wanga imeneyo usaiyatsenso mpaka ionedwe, vuto lako ndi lalikulu kuposa la a Wazingwe6. Tube ikafiira chitsulo chake chachikulu ndiye kuti ikudutsitsa magetsi ochuluka kuposa omwe inapangidwira. EL34 imapirira ma watt 25 pa chitsulo chimenecho, 6L6GC ma watt 30, ndipo tikamakonza bias timaika kuti ampu ikakhala chete tube izidya osapyola pafupifupi 70 peresenti ya pamenepo. Chomwe chimaigwira tube kuti isathamange ndi magetsi a negative omwe amafika pa pini 5, akangosowa tube imatsegukiratu nkuyamba kudziotcha. Poti wasintha tube koma kufiira kwatsalira pa soketi yomweyo, vuto si tube. Mwina pini 5 ya soketiyo yamasuka siikugwira bwino ikatentha, mwina mtovu wake wasweka, mwina capacitor yomwe imabweretsa siginolo ku tube imeneyo ikudontha magetsi a positive nkufafaniza bias. Mmisiri aonenso resistor ya screen ya pa soketi imeneyo, pa ma EL34 kawirikawiri imakhala ya 1k, pa ma 6L6 ya 470 ohm, chifukwa tube ikachita zimenezi resistor ija imapsa nawo. Ukapitiriza kuiimba mapeto ake ndi transifoma. Ndipo tube yomwe yafiira kangapo usaikhulupirirenso, ikakonzedwa ampu pafunika ma EL34 ena awiri ofanana mphamvu, ndi kukonza bias. Ma ampu a cathode bias ngati Vox AC30 ija ya ma EL84 anayi amadzikonzera okha, koma ma head ambiri a EL34 ndi a fixed bias, ukasintha ma tube pamafunika kuyeza.

Poti yako ndi head, onanso chingwe chopita ku bokosi la masipika. Chikhale chingwe cha sipika chenicheni cha mawaya awiri onenepa, osati cha gitala, mapulagi amafanana koma cha gitala chili ndi kawaya kowonda pakati komwe kamatentha nkuduka. Ndipo ma ohm agwirizane, bokosi la 16 pa 16, la 8 pa 8. Ukayeza bokosi ndi mita usadabwe likamaonetsa ochepera, la 8 ohm limaonetsa cha m'ma 6 kapena 7, ndi mmene zimakhalira.

Wazingwe6 analemba:

Akuluakulu ndabweranso ndi nkhani yabwino. Pa ampu yanga palembedwa preamp out ndi power amp in, ma jack amenewa chigulireni sindinalowetsemo kanthu. Ndinachita mmene madala ananenera, ku pulakatisi tinayamba kaye opanda kachingwe, voliyumu ya pa shoo, ndipo inadula monga mwa nthawi zonse, nde ili chidulire ndinalowetsa kachingwe kaja saundi inabwerera pompo ndi mphamvu zonse. Tinaimba mpaka kumaliza osadulanso, ndipo shoo ya usiku wathawu yadutsa yonse bwinobwino kachingwe kali pomwepo. Za ma channel kusintha okha sindinazionepo, footswitch ikugwira bwino. Amayi a ku mikisa ndatsatiranso malangizo anu, ndinapempha soketi yangayanga ndipo ampu ndinaichotsa pafupi ndi bokosi la besi. Mulungu akudalitseni nonse. Funso lomaliza madala, kodi kachingweka ndingangokasiya pomwepo mpaka kalekale kapena pali chomwe kangaononge? Ndipo mnzanga akuti ndipoperemo WD-40 mu ma jack, ndichite?

MmisiriWaMaAmpu analemba:

Ndasangalala achimwene. Kachingwe sikaononga kanthu, alipo oimba ambiri omwe amakasiya pomwepo zaka, kungoti kakhale kabwino ka mapulagi opindika kuti kasathyoke ponyamula ampu, ndipo muzisunga kena m'chikwama chifukwa tsopano saundi yanu yonse ikudalira kameneko. WD-40 wamba uja ayi, amasiya mafuta omwe amakoka fumbi ndipo pakapita nthawi zimaipiraipira. Pezani contact cleaner ya zamagetsi, monga DeoxIT kapena ina yolembedwa kuti ndi ya ma contact, zulani ampu ku magetsi, poperani pang'ono pa pulagi osati kuthira mu bowo, kenako lowetsani ndi kuzula pulagiyo kambirimbiri mu jack iliyonse kuti kachitsulo kaja katseguke ndi kutsekeka kakudzipala, mudikire iume musanayatse. Mukatero yesani opanda kachingwe ku pulakatisi, osati pa shoo.

Ikadulabe mutayeretsa ndiye kuti kachitsulo katha mphamvu kapena mtovu wa miyendo ya jack pa bolodi wasweka, ndipo pulagi mukailowetsa imangoikankhira m'malo, apo jack isinthidwe kapena iwotchereredwenso. Mukaipititsa kwa mmisiri muuzeni zonse mwatiuza kunozi, kuti imadula ikatentha ndi kugwedezeka komanso kuti kachingwe kamathetsa, kuti asangoiyatsa pa tebulo mphindi zisanu nkukuuzani kuti ili bwino. Mumupemphe aonenso mtovu wa ma soketi a ma 6L6, jack ya kutsogolo ndi ma resistor akuluakulu aja, ayezenso bias poti yatsegulidwa kale. Ndipo kumenya pamwamba kuja musiye, tube ikatentha tiwaya ta mkati timakhala tofewa, mukamaliza shoo muziipatsa mphindi zingapo izizire musanainyamule.